Gran Turismo 4 ndi anzake pa plasma, pa laputopu ndi pa foni: zomwe ndaona ine

Amene mukusungabe PS2 kunyumba ndipo munayesapo kuilumikiza pa plasma ndi mawaya atatu aja, lachikasu, lofiira ndi loyera, mukudziwa kale nkhani yake. Gemu yomwe tinkaitama kuti ikuoneka ngati zenizeni, lero ukaiyatsa pa sikirini yaikulu zonse zili mbuu, malemba osawerengeka bwino, m'mphepete mwa galimoto muli timano timano, mpaka umadzifunsa kuti kodi tinkaona chani ife masiku amenewo. Ine magemu anga ndi a mpikisano wa magalimoto, Gran Turismo, Burnout, Need for Speed, ndipo ndawasewera pa PS2 yeniyeni, pa laputopu, pa foni komanso pang'ono pa makina atsopano a abale, nde ndati ndilembe zomwe ndaona mwina wina sawononga ndalama kapena bundle pachabe.

Choyamba gemuyo siinasinthe, chasintha ndi TV. PS2 inatuluka mu 2000 ndipo inapangidwira TV zachikale zija zokhala ndi chimsana. Magemu ake ambiri amatulutsa chithunzi chaching'ono, madontho 640 kapena 512 m'mbali, ndipo sachitulutsa chonse kamodzi, amajambula theka la mizere kenako theka linalo mosinthanasinthana, ndi zomwe amazitcha 480i kapena 576i zija. TV yachimsana inkazisakaniza yokha, maso osaona kalikonse. Plasma ilibe khalidwe limenelo, imayenera kulumikiza matheka awiriwo, kenako kuchikoka chithunzicho kuti chidzaze madontho 1920 kapena 3840, ndipo ntchito yonseyi imatenga kanthawi. Nchifukwa chake ukakhotetsa pa kona galimoto imayankha mochedwa pang'ono, iwe nkumati pad yatha pomwe pad ilibe mlandu.

Musanathamangire ku ma emulator, mapulogalamu oseweretsa magemu a makina akale pa kompyuta kapena pa foni, yesani kaye izi, ndi zotchipa. Ngati TV yanu ili ndi mabowo obiriwira, abuluu ndi ofiira kumbuyo, pezani waya wa component, uja wa mitu isanu. Mukalumikiza lowani mu System Configuration ya PS2 pa Component Video Out musankhe Y Cb/Pb Cr/Pr, mukasiya pa RGB mitundu imasokonekera kapena chithunzi osabwera nkomwe. Pa TV yatsani Game Mode, sharpness mutsitse, ndipo ngati gemu ndi ya 4:3 isiyeni ikhale 4:3, musaikoke kuti idzaze sikirini chifukwa matayala amasanduka obulungira motalika, Skyline nkumaoneka yonenepa. Ine tsiku lomwe ndinasintha waya ndinangoti eee, manambala a liwiro pansi pa sikirini omwe ankaoneka opakika anayamba kuwerengeka bwinobwino. Timabokosi totchipa ta PS2 to HDMI tomwe amagulitsa m'mashopu a zamafoni nato timatenga signal ya component yomweyo, nde setting ija ndi yomweyo, koma ubwino wake umangotengera mwayi, kamene ndinagula ine kanali ndi timizere toyenda pa malo akuda ndipo magemu a PS1 sikankawaonetsa.

Tsopano nkhani yomwe ambiri saidziwa, ya PAL ndi NTSC. Kuno kwathu TV zinali za PAL, ndipo ma PS2 ndi ma disc ambiri anabwera kudzera ku South Africa ndi ku UK komwenso ndi PAL. PAL imayenda pa 50Hz pomwe NTSC ya ku America ndi Japan imayenda pa 60Hz. Pa magemu a mpira mwina sungadandaule kwambiri koma pa racing zithunzi 10 pa sekondi iliyonse zimamveka m'manja. Nthawi ya PS1 zinali zoipirapo, magemu ambiri a PAL ankangoyenda pang'onopang'ono kuposa anzawo a NTSC, ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Ndiye pa Gran Turismo 4 (GT4) pali chinanso, ya NTSC ili ndi 480p, yomwe imajambula mizere yonse kamodzi, komanso 1080i mu ma options, ya PAL anazichotsa zimenezo. Choncho anthu awiri atha kumakangana usiku wonse wina akuti GT4 ndi yosalala wina akuti imanjenjemera, onse akunena zoona, angokhala ndi ma disc osiyana. 1080i yakeyo musaitenge ngati Full HD yeniyeni, ndi chithunzi chaching'ono chokokedwa, ine pa TV yanga 480p ndi imene imaoneka yoyera.

Pa laputopu ndimagwiritsa PCSX2, emulator ya PS2. Ngati munaiyesa kalekale nthawi ya 1.6 ndi ma plugin ake osokoneza mutu aja nkuisiya, yesaninso, kuchokera pa 2.0 yomwe inatuluka mu 2024 zinthu zambiri imadzikonzera yokha malinga ndi gemu. Imafuna BIOS, kapulogalamu ka mkati mwa PS2 koyatsira makinawo, yomwe njira yake yoyenera ndi kuikopera kuchokera mu PS2 yanu, chimodzimodzi ma disc anu mumawasandutsa mafayilo a ISO, kenako a CHD omwe ndi ofinyidwa ngati malo akuchepa, poti GT4 ndi DVD ya magawo awiri, ndi yaikulu kuposa DVD wamba ya 4.7 GB. Laputopu yanga ndi yogula yogwiritsidwapo kale ntchito, Core i5 ndi ka graphics card kakang'ono, si ya mphamvu ayi.

Chomwe aliyense amathamangira ndi Internal Resolution. Native ndi momwe PS2 inkajambulira, 2x ili cha m'ma 720p, 3x cha m'ma 1080p, 6x ndiye 4K. Nditaika GT4 ya NTSC pa 3x, nkusankha 480p mkati mwa gemu kuti kunjenjemera kuthe, zoona magalimoto anandidabwitsa. A Polyphony Digital, omwe anapanga gemuyi, anaika ntchito yambiri pa matupi a magalimoto kuposa zomwe TV za 2004 zikanatha kuonetsa, gemu ya magalimoto opitirira 700 koma ukayandikira Lancer Evolution pa replay umaona mizere ya bonet, malimu, tinyali takumbuyo, dzina la kampani pa buti likuwerengeka. Pa Nürburgring, msewu uja wa makilomita opitirira 20, ubwino wake si kukongola kokha, kona umaiona ikadali patali ndiye buleki umaponda nthawi yabwino, pomwe pa waya wachikasu uja kutsogolo kumangooneka chinthu chotuwa mpaka utafika pafupi.

Koma tayang'anani m'mbali mwa msewu. Mitengo yambiri ndi zithunzi zafulati zopingasitsa, anthu okhala m'ma stand ndi zithunzi zomata, zikwangwani za malonda zili mbuu ngati kale, udzu ndi kapeti wobiriwira basi. PS2 inali ndi 32 MB ya RAM ndi 4 MB yokha ya zithunzi, ndiye ma texture, zithunzi zokutira zinthu za mu gemu, anali aang'ono, ndipo emulator siingapange zomwe mu disc mulibe. Kukweza resolution kuli ngati kupukuta galasi lakutsogolo la minibasi, msewu uuona bwino koma maenje ali pomwepo, ndipotu ndi pamene uwaone bwino. Ndinayesa 6x kungofuna kuona, magalimoto sanasinthe kwenikweni pa sikirini ya 1080p, chomwe chinachuluka ndi phokoso la fani ndi kuonekera kwa mabodza a m'mbali aja. Setting yomwe imathandizadi pa racing koma anthu saitchula ndi anisotropic filtering, ikani pa 16x, imapangitsa kuti phula ndi mizere yoyera zisapakike ukamayang'ana kutali, ndipo siilemetsa makina kwenikweni. Kungoti 480p ija GT4 imaiiwala ukazimitsa, umayenera kusankhanso, kapena kuyatsa patch yomwe imachita zimenezo yokha.

Pomwe zinthu zimavuta ndi magemu odalira kuwala, utsi ndi blur. Opanga magemu a PS2 ankachita timatsenga tawo pa chithunzi chonse powerengera kukula kwake kwenikweni, ndiye iwe ukachikulitsa katatu masamu aja amaphonya. Pa Need for Speed Underground 2, mzinda wa Bayview usiku, msewu wonyowa, ma neon paliponse, ndinaona kuwala kwa nyali sikukukhala pa nyali penipeni, kwasunthira pambali pang'ono ngati chithunzi chili pawiri. Zoterezi zimakonzedwa ndi Half-Pixel Offset, ndipo ma version atsopano nthawi zambiri amaika okha, koma ndi bwino kudziwa dzina lake. Burnout 3: Takedown ya Criterion, ya 2004, inali ndi vuto lodziwika kwa zaka zambiri, kumwamba konse kumakhala bii, wakuda, ukuthamanga masana koma mtambo kulibe. Tinkachita kudina F9 kupita ku software mode mpikisano usanayambe, kenako kubwerera ku hardware mitambo italowa. Pano anakonza, ndiye ukaona kumwamba kwakuda dziwa kuti emulator yako ndi yakale.

F9 yomweyo ndi chida chabwino chofananizira. Software mode imajambula pafupifupi ndendende momwe PS2 inkachitira, nde ukakayika kuti kodi mthunzi uwu unalipo kapena wasowa, dina F9 uone, dinanso ubwerere. Ine ndi momwe ndinazindikirira kuti Burnout pa resolution yapamwamba imataya kena kake. Gemu imeneija imayenda pa 60 ndipo ukayatsa boost m'mbali monse mumapakika dala kuti umve liwiro, ndi zothetheka zili waliwali ukakhulana ndi mnzako. Pa 2x zonsezi zimagwirizana bwino, ukakweza kwambiri galimoto imakhala yakuthwa mopitirira pomwe blur ikadali yokhakhala yakale, ziwirizi osagwirizana. Mpaka pano Burnout ndimaisiya pa 2x olo makina atakwanitsa zambiri.

Za Need for Speed ndinene mosabisa, musavutike ndi emulator. Underground 2 ndi Most Wanted ya 2005 zinatulukanso pa PC, ndipo laputopu iliyonse ya masiku ano imaziyendetsa mosavuta. Chomwe zimasowa ndi widescreen, koma pali Widescreen Fix ya ThirteenAG, timafayilo tochepa tongoponya mu folder ya gemu, basi resolution ya sikirini yako yabwera, mapu ndi speedometer zili m'malo mwake osakokeka. BMW M3 GTR ya mu Most Wanted ija pa PC ikuoneka bwino kutalitali kuposa ya PS2 yokwezedwa. Most Wanted inatulukanso pa Xbox 360 ndipo imeneyo ndi yomwe ambiri amati inali yokongola kuposa zonse pa kuwala ndi ma texture, koma pa Xbox zatsopano siiyenda. Mtundu wachikasu uja wa mzinda wa Rockport ena amauchotsa ndi ma mod, ine ayi, ukauchotsa imangokhala ngati gemu ina iliyonse.

Tsopano chinthu chomwe ndikufuna mumve kwambiri amwene. Pa racing chofunika ndi liwiro lokhazikika, kukongola kumabwera pambuyo. Emulator ikalemedwa siichita ngati gemu ya PC yomwe imangodumpha ma frame, iyo imachedwetsa gemu yonse, injini imalira mokoka, nyimbo imakoka, galimoto yolemba 250 pa speedometer ikuyenda ngati ili pa 150. Yatsani ka OSD koonetsa speed pakona ndipo muziyang'ana kuti ikhale pa 100%, osati poyambira pokha pomwe uli wekha pa msewu koma pa kona yoyamba pomwe magalimoto onse aunjikana ndi utsi wa matayala. Ikatsika pamenepo tsitsani resolution, musachite manyazi. Yesaninso kusintha renderer, njira yomwe emulator imajambulira, kwa ine Vulkan ndi imene imayenda bwino, kwa ena Direct3D. Komanso laputopu ikakhala pa batire imadzichepetsa mphamvu yokha, ndiye magetsi akathima zomwe zimayenda bwino pa 3x zimayamba kudukiza, ndimangotsitsa pa 2x kapena Native mpaka abwere. Mwezi wa October ndi kutentha kuja ndi chimodzimodzi, ikwezeni kumbuyo mpweya uzidutsa pansi, osaiika pa bedi kapena pa bulangete.

Pomwe emulator inandisangalatsa kuposa pena paliponse ndi pa PS1, mwina simungayembekezere. Amene munasewera Gran Turismo 2 ya 1999, Colin McRae Rally 2.0 kapena Ridge Racer Type 4 mukukumbuka momwe msewu unkagwederera, mizere yoyera ikupindikapindika ukamayandikira, makoma ngati akupuma. Sikuti disc inali yokalika, PS1 inkawerengera malo a ma polygon ndi manambala athunthu okha opanda zidutswa, komanso siinkakonza ma texture molingana ndi kutalika kwa chinthu. DuckStation, emulator ya PS1, ili ndi setting yotchedwa PGXP, ukayatsa geometry correction ndi texture correction kugwedera konse kuja kumatha, msewu nkuima njii. Uku ndiye kusintha kwenikweni chifukwa kukukonza vuto lomwe linalipo, osati kungokulitsa chithunzi. Koma apanso samalani, mukangokweza resolution osayatsa PGXP kugwedera kuja ndi pamene kumaonekera moipa. Ndipo ma menu ndi zithunzi za 2D zimakhalabe pa resolution yake yakale, pa sikirini yaikulu zimaoneka madontho akuluakulu. Ine pa PS1 ndimayatsa CRT shader yopepuka, imabwezera timizere ta TV yachikale, ndipo zodabwitsa magalimoto amaoneka enieni kwambiri ali ndi timizereto kusiyana ndi ali oyera mbee.

Pa foni ndiye pomwe ambiri tili. AetherSX2, emulator ya PS2 ya pa foni, inabwera ndi chimwemwe koma mwini wake anasiya kuikonza kumayambiriro kwa 2023, pano anthu amagwiritsa NetherSX2 yomwe ndi yomweyo yokonzedwa pang'ono. AetherSX2 yomweyo inkanena kuti pamafunika foni ya mphamvu ngati Snapdragon 845 kupita m'mwamba, ndiye mafoni athu wamba otsika mtengowa GT4 ndi Burnout 3 zimangokoka, foni kutentha ngati ipsa, batire kutha msanga. Mavidiyo oonetsa ma settings amatsenga aja ambiri amangotsitsa EE cycle rate kapena kudumphitsa ma frame, nambala ya speed imaoneka bwino koma gemu ikudukiza. Langizo langa, pa foni sewerani za PSP pa emulator ya PPSSPP, yomweyo timaseweretsa mpira ija. Sikirini ya PSP inali 480 kwa 272, ndiye ukaika 2x kapena 3x pa foni zimaoneka bwino kwambiri chifukwa sikirini ndi yaing'ono, zofooka za ma texture sizionekera. Gran Turismo ya PSP ya 2009 imayenda pa 60 ndipo ili ndi magalimoto opitirira 800, ngakhale ilibe career yeniyeni zomwe zimandinyansa mpaka lero. Burnout Legends, Ridge Racer ndi OutRun 2006 nazonso zili bho. Midnight Club 3 ndi yolemerako, pa foni yofooka isiyeni pa 1x.

Nanga makina atsopano? Apa anthu amapusitsika pogula. PS4 ndi PS5 siziwerenga ma disc a PS2 kapena PS1, olo pang'ono. PS3 zoyambirira zonenepa zija, za 20 GB, 60 GB ndi zina za 80 GB, ndi zomwe zinkawerenga ma disc a PS2, ma Slim ayi, koma PS3 iliyonse imawerenga a PS1 ndipo imawatulutsa pa HDMI, zomwe ndi njira yabwino ngati muli nayo kale. Pa PS5 umadalira zomwe Sony yaika mu sitolo yake, Ridge Racer Type 4 ilimo, yoyeretsedwa, ndi rewind komanso kusunga paliponse, koma Gran Turismo zakale mulibe. Ndipo nkhani ya PAL ija inawatsatira mpaka kumeneko, atayamba kuika magemu a PS1 mu 2022 ena anali a 50Hz, anthu anadandaula mpaka anadzaika mwayi wosankha NTSC.

Xbox ndi imene inachita bwino mbali imeneyi. Msuweni wanga wa ku Johannesburg anabwera ndi Series X pa holide, tinaika disc ya Forza Horizon yoyamba, ya 2012 ija ya ku Colorado. Pa Xbox 360 inali 720p, apa ikutuluka 4K popanda kugwira setting iliyonse, ndipo poti ma texture a nthawi ya 360 anali abwino kale, kukwezako kumaikhala, ukanandiuza kuti ndi gemu ya zaka zochepa zapitazi ndikanavomera. Koma ikadali pa 30, zimenezo sizinasinthe. Burnout Revenge ya 360 nayo imayenda ngakhale resolution yake sanaikweze. Vuto ndi loti mndandanda wa magemu akale oyenda pa Xbox zatsopano anasiya kuwonjezera mu November 2021, ndipo magemu a racing ambiri sanalowe chifukwa cha ma licence a magalimoto ndi nyimbo omwe amatha nthawi, nchifukwa chakenso Forza Horizon yomweyi anaichotsa mu sitolo mu 2016, umafunika disc. Ndiye amene mukuganiza za Series S poti ndi yotchipa kumbukirani kuti ilibe polowetsa disc. Yang'anani kaye mndandanda ngati gemu yanu ilipo musanapereke ndalama.

Mukamafananiza nokha chitani mwachilungamo. Msewu umodzi, galimoto imodzi, kamera imodzi, sikirini imodzi, ndipo muziyendetsa osati kuimitsa gemu nkujambula. Ma screenshot a pa Facebook ndi WhatsApp amanamiza, amafinyidwa, komanso chithunzi choima sichionetsa kunjenjemera kapena kuchedwa kwa pad. Ma texture pack a HD omwe anthu amapanga ena ndi abwino, makamaka pa ma menu ndi ma speedometer, koma ambiri angodutsitsidwa mu AI, zikwangwani zimatuluka ndi malemba opotoka osawerengeka, ndipo ndi ma GB ambirimbiri, bundle ya mwezi kuthera pamenepo.

Kena kamodzi kosakhudza graphics koma kadzakuvutani pa GT4. Mabatani a DualShock 2 ankamva mphamvu ya chala, ukadina X pang'ono galimoto imapatsa moto pang'ono, ukadinikiza imapatsa wonse. Ma pad a PS4, PS5 ndi Xbox alibe zimenezo pa mabatani akutsogolo, ndiye ukasiya momwe zilili X imakhala moto wonse kapena zii, galimoto zokoka kumbuyo nkumangozungulira potuluka pa kona. Mu PCSX2 lowani pa controller settings, X muiike pa R2, Square pa L2, ma trigger amamva mphamvu ndiye zibwerera mwakale. Magiya muwasamutsire pa mabatani ena poti R2 ndi L2 ndi pomwe ankakhala.